Gumbwa wanga wafika pati mu Okutobala

Amene mwakhala mukufunsa za gumbwa uja ndinadzala kuseri kwa nyumba kuno ku Nchalo, dziwani kuti adakali moyo, ndipo mapesi atsopano andipitirira kale msinkhu. Ku dambo la Elephant Marsh, kumene msodzi wina anandidulira chitsinde chake, amatalika mpaka mamita 4. Pano sindikuyembekezera zimenezo, poti mizu yake ili m'mgolo wodula pakati.

Ambiri ankati dzuwa la kuno kuchigwa limuwotcha. Ayi ndithu. Masiku ano kukutentha kupitirira madigiri 40, koma gumbwa alibe nazo ntchito bola matope ake asaume. Chimene chimamuvuta ndi mchere. Madzi a pamjigo wathu, monga mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi amchere, ndipo m'mgolo mcherewo ulibe kothawira: madzi akauma ndi dzuwa, iwo umatsalira n'kumachulukirachulukira. Mumaona nsonga za ngayaye zake zikufiira, kenaka pamwamba pa dothi payamba kuyera. Tsono ndimamuthirira madzi otsukira mpunga ndi masamba, opanda sopo, ndipo dothi likayamba kuyera ndimathira madzi ambiri mpaka asefukire kuti mchere utuluke.

Dothi ndi makande omwewa a pakhomo, osakaniza ndi ndowe zowola bwino. Pamwamba ndinayala mchenga kuti madzi asadikhe poyera. Kuno udzudzu si woti n'kuupatsa malo oswanirana, mayi a ana anandichenjeza tsiku loyamba lomwe.

Bambo wa nyumba yoyandikana nafe amandiseka. "Achimwene, anzanu tikulimbana ndi dawe m'munda, inu mukuthirira mkulu wake?" Sakunama, ndi apachibale. Gwirani phesi la dawe ndi la gumbwa, onse ali ndi ngodya zitatu. Koma dawe amafalikira ndi timbatata take tapansi tija, pamene gumbwa amayenda ndi tsinde lonenepa lokwawa m'matope, lomwe m'mgolo silingapite patali.

Mapesi akale akachita chikasu ndimawadula m'munsi ndi chikwanje, ndiye atsopano amatuluka mwamphamvu. Mbuzi nazo zaadziwa ophukira kumenewo, moti ndatchinga ndi bango. Chitsinde chadzaza kale mbali imodzi ya mgolo. Mvula ikayamba ndichigawa pawiri, china ndikachiyese m'ngalande momwe mumatsikira madzi a padenga.