Mimba ya Doris

Alandilodi anga ku Leeds atandiuza kuti kwa miyezi iwiri ndizilipira theka la lendi, ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Iwo amapita ku Australia kukaona mdzukulu wobadwa kumene, ndipo chomwe amafuna kwa ine n'choti ndiziwasamalira Doris.

Doris ndi birimankhwe. Amakhala m'chipinda chapamwamba, m'khola lalitali la waya momwe muli nthambi, masamba ndi nyale ziwiri. Chilowereni m'nyumbamo, phazi langa linali lisanapondemo m'chipindacho. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kwathu ukaona birimankhwe akudutsa ndi kayendedwe kake konyinyirika kaja, njira umamusiyira yense. Agogo ankatiuza kuti ndi iyeyu amene Chauta anamutuma ndi uthenga woti anthu akafa azidzukanso, iye n'kumakazengereza m'njira mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Ndiye amene anatitayitsa moyo wosatha, ine ndizimupatsa chakudya cham'mawa? Koma theka la lendi ya ku UK si nkhani yokafunsira kwa makolo.

Malamulo anawamata pafiriji. Nyale ziziyaka maola 12, zizizima maola 12. Masamba ndiziwapopera madzi m'mawa ndi madzulo, chifukwa Doris samwa m'mbale, amangonyambita timadontho ta pamasamba. Ndiwo yake ndi dzombe lamoyo lomwe amagulitsa m'timabokosi tapulasitiki kusitolo ya ziweto, ndipo ndisanamupatse ndizilithira kaufa koyera ka kashiamu n'kulikhutchumula m'jumbo. Nditaona dzombe lonenepalo koyamba, mtima unandipweteka. Dzombe lotero kwathu limangofuna kamchere ndi chiwaya chotentha, tomato wosafunika n'komwe. Kuno likudyedwa laliwisi ndi nyama yosakhoma msonkho, ine ndili woperekera.

Pansi pa kholalo panali ndowa yodzaza mchenga wonyowa. Duwa mulibe, chomera mulibe, mchenga basi. Ndinati ichi ndi chimbudzi chake chomwe mayi okalambawa amalephera kunyamula. Ine amayi anandilera bwino. Mchenga ndinakaukhuthula kuseri kwa nyumba, ndowa ndinaitsuka ndi sopo mpaka kuwala, n'kuikamo mopu.

Pepala lija linanenanso kuti dzombe azidya lochepa, ndipo tsiku lina adye, lina apume. Nkhanza zimenezo sindinagwirizane nazo. Chiweto cha mwini chiwonde m'manja mwanga, anthu adzati chiyani? Ndiponso kumuona akudya kunali kutayamba kundikomera. Amayamba ndi kuloza dzombe ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana kudenga, kenako onse awiri amakumana, lilime lotalika kuposa thupi lake n'kuti thaa, dzombe kulibe. Ndikaweruka ku ntchito yanga yausiku kunyumba yosamalira okalamba, ndinkafikira pomwepo ndi kabokosi m'manja. Hita ndinamuyatsiranso, poti inali nyengo yachisanu ndipo ndinkamumvera chisoni mnzanga wochokera kotentha.

Ananenepa, ine n'kumadziyamikira. Kenako anasintha mtundu, kubiriwira kuja kunada, n'kutuluka timadontho tachikasu ndi tabuluu. Kenako anakana chakudya. Dzombe linkamukwera pamsana iye osalilabadira. Anatsika m'nthambi, kumene sanali kuchoka, n'kumazungulira pansi pa khola, kukanda pakona iyi, kukanda pakona iyo, pomwe panali ndowa paja.

Ndinaitana achimwene ena a ku Mangochi amene timagwira limodzi ntchito. Anaima pakhomo la chipinda, manja kumbuyo, osafuna kuyandikira. Atasuzumira anati, "Achimwene, iyi ndi mimba. Taonani timabulunga tili m'mbalimu."

Ndinayang'anitsitsa. Chakumiyendo yakumbuyo khungu linali tokhotokho, ngati mwadzaza timiyala.

"Mimba bwanji? Mwamuna mulibe muno."

"Muno mwamuna ndinu nokha," anatero, n'kubwerera mmbuyo.

Ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Anali pamzere kuchigayo, ndipo foni yawo sichoka pa laudi sipika chiigulireni. Ndi phokoso la injini samandimva, ndiye ndinachita kukuwa: "Ndikuti Doris ali ndi pakati! Doris wa m'nyumba muno! Sakudya!" Atachoka paphokosopo ndinawalongosolera bwinobwino kuti Doris ndi ndani. Anakhala chete kanthawi.

"Iwe, sukulu yonse ija, ndege yonse ija, ukuweta birimankhwe?"

"Ndi wa eni nyumba, amayi."

"Tuluka m'nyumbamo. Ameneyo sabereka ngati zinzake. Amakwera mumtengo n'kudzigwetsa, mimba phuu, ana balalabalala, iye n'kufera pomwepo. Ukufuna aphulikire iwe?"

Achimwene aja, amene amamvetsera, anavomereza kuti nawonso kwawo anamva chomwecho, ndipo anapereka nzeru yoti timuike pamwamba pa wadiropu, pansi tiyale nyuzipepala.

Wadiropu ndinaikana. Ndinadikira kuti ku Australia kuche, ndinaimbira alandilodi. Anafunsa funso limodzi lokha: "Wayamba kukumba mu ndowa muja?"

Ndinayang'ana mopu.

Mayi aja ndi odekha, amapita kutchalitchi, koma tsiku limenelo ndinamva mawu ena amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Atapuma anandiuza kuti nditembenuze pepala lapafiriji. Kuseri kwake kunali kolembedwanso, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo nkhani yonse inali ya ndowa. Birimankhwe wa mtundu wa Doris, wachipewa pamutu uja, kwawo kwenikweni ndi ku Yemen ndi ku Saudi Arabia, ndipo wamkazi amaikira mazira angakhale sanaonepo mwamuna chibadwire, monga zimachitira nkhuku zamazira m'khola lopanda tambala. Mazirawo saswa, koma kutuluka ayenera kutuluka. Ndipo sangawataye paliponse. Amafuna dothi lokumba una, alowemo yense, aikire, akwirire. Likasowa amawasunga m'mimba mpaka amupha.

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, koma mchenga uja unali utasakanikirana ndi matope komanso ntchito za mphaka wa aneba. Ndiye ine, mwana wa ku Ntcheu, ndinakwera basi kukagula mchenga. Ndi ndalama. Wa m'thumba, wochapidwa, womwe kuno amagulira ana kuti azisewerera. Ndinausenza paphewa mumsewu wa Leeds, mvula ikuwaza, ndikupemphera kuti ndisakumane ndi munthu wa kwathu.

Mchengawo umafunika kuzama masentimita osachepera 30, ndipo kunyowa kwake kukhale koti ukaboola una usagumuke, komanso usakhale chithaphwi. Ndinagwada pakapeti n'kumakumba maenje ndi chikombe chophikira, kuthira madzi, kukumbanso, mpaka una wanga unaima bwino. Ndinadzitama pang'ono. Ndowa ndinaibwezera m'khola, khola ndinalikuta ndi chitenje chomwe amayi anandipatsa pabwalo la ndege, chifukwa alandilodi anachita kubwereza kuti Doris akamakumba safuna kuonedwa. Akangodziwa kuti pali diso, amati malowo ndi oopsa, una amausiya.

Kunena n'kosavuta. Mukanakhala inu, kuseri kwa chitenje kukumveka tswee, tswee, mchenga ukugwa, mukanapirira? Ndinatukula kangodya kakang'ono kwambiri, koti diso limodzi lokha. Doris anali atalowa mutu ndi mapewa mu una, matako m'mwamba. Ndinati apa sangandione. Ndinaiwala kuti maso a nyama imeneyi amayenda lililonse palokha. Anabwerera chafutambuyo pang'ono, diso lakumanzere linazungulira pang'onopang'ono mpaka linapeza langa. Tinayang'anana. Anatuluka, anakwera nthambi, n'kundifulatira.

Mawa lake anayamba una wina. Ulendo uno ine sindinasuzumire, ndinalumbira. Ndinangolowetsa foni pansi pa chitenje kuti ijambule, osadziwa kuti fulashi inali yoyatsa.

Zitatero sanakumbenso. Anangokhala pamchengapo, maso otseka masana dzuwa lili phwee, olowa mkati, zala zomwe zimafinya nthambi zija zitalefuka. Apa kuseka kunandithera. Birimankhwe wathanzi satsinzina masana, ndipo pepala lija linanena kuti zikafika pamenepo ndisadikirenso, ndithamangire kwa avetenale.

Avetenale a pafupi ndi kwathu anati iwo ndi a agalu ndi amphaka, ndipite kwa odziwa za njoka ndi abuluzi, kutsidya lina la tauni. Tsono panafunika kumugwira. Chibadwire ndinali ndisanakhudzepo birimankhwe. Ndinavala magolovesi otsukira mbale, ndinatchula dzina la Yesu, n'kumunyamula. Anali wopepuka, wozizira, ndipo m'malo mondiluma anangokulunga kamchira kake pachala changa chachikulu. Ndinamuika m'katoni ya nsapato, pansi thaulo, pambali botolo la madzi ofunda lokulunga m'sokosi. M'basi mayi wina wachikulire anandimwetulira n'kufunsa ngati muli kamwana kamphaka. Ndinati eya.

Pa kauntala anandifunsa dzina la wodwala. Ndinati Doris. Anafunsa langa, ndinawauza. Kuno chiweto amachilemba ndi dzina la amene wabwera nacho, ndiye pakhadi panatuluka Doris, kutsogolo kwake dzina la bambo anga. Nthawi yake itakwana, nesi anaitana dzinalo mokweza, chipinda chonse chikumva, ine n'kuimirira ndi katoni ya nsapato.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono ndithu, koma manja ake ankadziwa ntchito. Anamupapasa m'mimba, anamuyeza pasikelo yonga ya kukhitchini, anakamujambula X-ray. Chithunzicho atachiika pakompyuta ndinagwira pakamwa. Kuyambira m'chiuno mpaka pafupi ndi khosi anali mazira okhaokha, opanikizana, mapapo atatsala ndi kampata kochepa. Tinawerenga limodzi, tinapeza 47.

"Mumamudyetsa bwanji?" anafunsa.

"Bwino," ndinatero.

Anandifotokozera mwaulemu kuti wamkazi akamadya kwambiri pamalo otentha, thupi lake limati zinthu zili bwino, n'kupanga mazira ochuluka kuposa mphamvu zake. Dzira lililonse limafuna kashiamu wa chikhokho, ndipo amamutenga m'thupi la mayi, m'mafupa momwe. Kashiamu yemweyo ndi amene minofu imafuna kuti ikankhe. Ndiye akatha, mazira alipo, mphamvu yowatulutsira palibe. N'chifukwa chake pali kaufa kaja, komanso imodzi mwa nyale ziwiri zija, ya kuwala konga kwa dzuwa kotchedwa UVB, yomwe imathandiza thupi kuti kashiamuyo alowerere. Anati Doris ndinafika naye nthawi idakalipo ndipo palibe dzira lopingasa, choncho amubaya jakisoni wa kashiamu, amupatse madzi, kenako oxytocin, mankhwala omwewo amene amapatsa amayi kuchipinda chochirira. Zikakanika, opaleshoni, kuchotsa mazira ndi chiberekero chomwe, kuti asadzaikirenso.

Ndinafunsa mtengo wa opaleshoni. Atanditchulira, ndinayamba kumupempherera Doris ndi mtima wonse. Ngakhale za jakisoni ndi X-ray zokhazo zinameza theka la lendi lija lonse, n'kupempha ndiwo.

Pondiperekeza pakhomo dokotala anandiyang'ana m'maso. "Mukamuika mu ndowa, mutseke chitseko. Musalowemo. Musajambule."

Sindinawauze za fulashi. Anangodziwa.

Usiku umenewo kuntchito ndinali ngati munthu wosokonekera. Agogo ena amene ndimawasamalira anaona kuti ndikuyang'ana wotchi pafupipafupi, anafunsa chavuta n'chiyani. Ndinati kunyumba kuli wodwala, tsiku lake lakwana. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti mwana woyamba amachedwa, ndisadandaule.

M'mawa ndinakwera masitepe ndi zala za kumapazi. Nditatukula chitenje, mchenga unali wosalala, una wakwiriridwa bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Doris anali pamwamba pa nthambi, wafwapa, khungu lili lendelende, mchenga mpaka pachipewa, akunyambita dontho patsamba. Ndinamupopera madzi ambiri, ndinamupatsa dzombe loyera mbuu ndi kaufa, analikwapula.

Dokotala anati ndikafukule ndi kuwerenga, chifukwa limodzi likatsalira m'mimba limaola n'kumudwalitsa. Ndinagwadanso ndi chikombe changa. Anali pansi penipeni pa ndowa, mulu umodzi, oyera, ofewa, lililonse kukula kwake kosaposa nsonga ya chala chaching'ono. Ndinawandandalika pa thireyi. 46. Ndinawerenganso. 46. Ndinasefa mchenga wonse ndi sefa ya ufa ya alandilodi, thukuta lili kamukamu, foni ya dokotala ndayamba kale kuifufuza. Nditaimirira ndinamva kuzizira pabondo. La 47 ndinali nditaligwadira kalekale, lili phwatalala pa thalauza la yunifolomu.

Ndinatumizira amayi uthenga woti Doris wachira ndipo sanaphulike. Kuti aone mmene zinthu zimadulira kuno, ndinawajambuliranso lisiti la kuchipatala. Amayi saona bwino zilembo zing'onozing'ono, ndiye anakapatsa mtsikana wa aneba kuti awawerengere.

Madzulo ake foni inalira. Anali amalume, amene chipitireni kuno anali asanandiimbirepo, poti amati mayunitsi ndi odula.

"Mphwanga, tamva."

"Mwamva chiyani, amalume?"

"Zonse. Zinayambira kuchigayo, ife timati ndi mabodza a azimayi. Tsono lero taona pepala la chipatala, dzina la mlamu wanga lili pomwepo. Mpaka kumupatsa dzina osatiuza? A kwa mtsikana amene unamusiya kuno abwera m'mawa uno, akufuna adziwe poima. Ine monga nkhoswe ndiwayankhe chiyani?"

"Amalume, Doris ndi birimankhwe."

"Usatukwane mayi wa mwana wako. Kaya mwakangana, zimenezo n'zam'banja. Mwana wanji?"

Ndinati dikirani, ndikutumizirani chithunzi muone nokha. Ndinakwera pamwamba, ndinamujambula Doris ali panthambi yake, diso lina kwa ine, lina kudenga, n'kutumiza. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Patapita kanthawi kunabwera voisi noti.

"Mphwanga, ine ndine wamkulu, usandiseweretse. Chiweto chawo tachiona, azungu timawadziwa. Tsopano tumiza cha mkaziyo."