Chiperoni, yunifolomu yosauma ndi funso lachinayi

Lachitatu usiku, ku Bangwe.

Lero ndi tsiku lachinayi yunifolomu ya mwana wanga ili pachingwe. Ndinaichapa Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, dzuwa likuwala bwinobwino, kumwamba kuli mbee. Pomwe ndimamaliza kutsuka mbale za nkhomaliro mphepo inali itatembenuka kale, phiri la Mpingwe losaonekanso, ndipo kunayamba kamvula kaja kosagwa kosaleka. Mvula yeniyeni ndi yabwino chifukwa umaiona ikubwera, umathamanga kukaanula. Chiperoni chimangokuwaza pang'onopang'ono ngati munthu akukupemerera madzi, ukamazindikira zonse zanyowa, ndi mtima womwe.

Ana ambiri a m'kalasi mwanga sadziwa kuti dzinali ndi la phiri. Kuseri kwa Mulanje, m'dziko la Mozambique cha ku Milange, kuli phiri la Chiperone, lotalika kupitirira mamita 2,000. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian imadzera kumeneko, ikafika pa mapiri athu a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mawawa. Ine ndinakulira ku Thyolo, choncho sindingachitukwane chiperoni ndi mtima wonse. Tiyi amene timamwayu amakhala wobiriwira m'miyezi yopanda mvula chifukwa cha chinyontho chomwechi. Walira mvula walira matope. Koma m'mawa wa lero, nditagwira kolala ya shati ija n'kupeza idakali yozizira ngati chule, zonsezo sindinazikumbukire. Mwana wapita kusukulu atavala shati ya chaka chatha, mabatani akulimbana pamimba.

Pa siteji tinaima nthawi yaitali, aliyense manja m'khwapa. Minibasi imene inabwera inali ndi windo losatseka, atatsekapo ndi pepala la pulasitiki lomwe limangoti phaphapha njira yonse, madzi akundidonthera paphewa. Titafika mu Limbe kondakitala anati alibe tchenji, ndiye anatikwatitsa ine ndi bambo ena osawadziwa: K1,000 imodzi m'manja mwanga, "mugawana kumeneko amayi." Bambowo amapita cha ku msika, ine kwina. Tinazungulira kwa amayi atatu ogulitsa mbatata yowotcha mpaka mmodzi anatimvera chisoni n'kutisinthira. Ndinagula mbatata iwiri pothokoza, ndipo inandifunditsa m'manja mpaka pa geti ya sukulu.

M'kalasi choko chinali chitamwa chinyontho, ukalemba pa bolodi chikungoterera osasiya chilembo. Theka la ana likutsokomola. Cha m'ma 11 koloko dzuwa linatuluka mwamphamvu ngati Okutobala, ana n'kuvula majuzi, ine n'kuyamba kudandaula kuti bwenzi yunifolomu ija ikuuma ndikanapanda kuilowetsa pakhonde. Isanakwane 2 koloko nkhungu inabwereranso. Nyengo yotereyi ndiyo imadwalitsa ana, thupi silidziwa choti ligwire.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe usiku uno si nyengo ayi. Ndi funso lachinayi.

Tikuchonga mayeso a Chichewa a Fomu 3 a kumapeto kwa teremu. M'gawo la ndakatulo tinagwirizana kuti tiike ndakatulo imene ana sanaionepo, kuti tione ngati angathe kudziwerengera okha osadalira manotsi oloweza. Ine ndi amene ndinabweretsa ndakatuloyo, ndipo pansi pake sindinalembe dzina la mlembi. Pepala la mayankho anakonza ndi mphunzitsi mnzanga wachikulire, bambo amene atsala pang'ono kupuma pantchito, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri chifukwa Chichewa chake ndi chakumudzi chenicheni. Ndime imene funsolo likuchokera ndi iyi:

Nkhungu yatsika m'phiri,
yameza njira ya kumunda.
Ndikumva mapazi pakhomo,
munthu sindikumuona.

Funso: kodi nkhungu m'ndakatuloyi ikuimira chiyani? Malikisi atatu. Pa pepala la mayankho achikulirewo analemba liwu limodzi: imfa.

Mtsikana wina, wa phee m'kalasi, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja, anayankha kuti nkhungu ikuimira ulendo wa ku Joni. Anati bambo akapita ku South Africa kukafuna ntchito, ana amamva mawu awo pafoni koma nkhope saiona, ndipo njira ya kumunda imamera tchire chifukwa wolima wachoka. Anatchula mzere wachitatu ndi wachinayi monga umboni wake. Achikulire anadula ndi cholembera chofiira, ziro.

Nditaona pepalalo mtima unandiwawa. Ndinapita pa desiki yawo.

"Bambo, taonaninso yankho la mwana uyu."

Anavala magalasi, kuwerenga, n'kupukusa mutu. "Mayi, mwanayu walemba bwino, koma si zimene mlembi amatanthauza. Nkhungu yomeza njira, munthu wosaoneka, imeneyo ndi imfa basi."

"Nanga mwadziwa bwanji zimene mlembi amatanthauza?"

Apa ndi pamene mphunzitsi wachinyamata amene wangobwera kumene kuchokera ku koleji analowererapo. Anati nkhani imeneyi inatha kalekale, katswiri wa ku France, Roland Barthes, analemba m'zaka za m'ma 1960 kuti mlembi akangomaliza kulemba tizimuona ngati wafa, tanthauzo limabadwa mwa wowerenga. Choncho, anatero, yankho lililonse la mwana ndi lolondola. Zimenezinso sindinagwirizane nazo. Mnyamata wina pa funso lomwelo analemba kuti nkhungu ndi utsi wa uvuni wa njerwa. M'ndakatulo monse mulibe moto, mulibe njerwa, mulibe fungo la utsi. Ameneyo sanawerenge, anangolota. Mtsikana uja anagwira mawu amene ali papepala n'kuwasenza mpaka kwawo. Kusiyana kwake n'koonekeratu, ndipo ngati sititha kukuona ndiye kuti palibe chimene tikuphunzitsa.

Mkangano unakula, tiyi n'kuzizira m'makapu. Ena amene amachonga masamu anasiya ntchito kumatimvetsera. Pamapeto pake ndinalephera kupirira.

"Bambo, ndakatuloyi ndinalemba ndine."

Mu ofesi munangoti zii.

Ndinawauza zoona zake. Ndinailemba zaka zingapo zapitazo pokumbukira ubwana wanga ku Thyolo. Miyezi ngati ino bambo anga ankalawira mbandakucha kupita ku esiteti kukadulira tiyi, chikwanje chaching'ono m'manja, thumba la saka pamutu potchinga mawawa. Ine ndili pamphasa ndinkamva mapazi akudutsa pakhomo, ndikasuzumira pa kawindo n'kungoona nkhungu yokhayokha. Za imfa sindinaganizeko n'komwe. Bambo anga ali moyo, akudya nsima yawo kumudzi. Ndipo ndivomere, pamene ndinaona liwu loti imfa pa pepala la mayankho lija, thupi linachita tsembwe, ngati munthu wawalodza bambo anga ndi cholembera. Ndiye amene amati mlembi alibe kanthu pa zimene analemba sanalembepo chinthu chochokera pamtima.

Achikulire anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Chabwino mayi. Ndiye tonse talakwa, ine ndi mwanayu. Lembani yankho lanulo pa pepala la mayankho, tichongenso onse."

Ndinakana. Ndi mwana uti wa Fomu 3 amene angadziwe za bambo anga ndi thumba lawo la saka? Zimenezo sizili papepala. Tikatero ndiye kuti tikuyesa ana ngati ali alosi.

Apa achikulire aja anavula magalasi n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu, ndipo zimene ananena ndi zimene zikundisowetsa tulo. Anati iwo anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linali pamphamvu, ndipo alembi a gulu la Writers Group, lomwe linayamba pa kolejipo mu 1970, ankabisa mawu awo m'mafanizo a nyama, mbandakucha ndi nthano zamakolo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Mu Seputembala 1987 Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osazengedwa mlandu, osauzidwa chimene analakwa.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula choncho, "ife tinaona zimene zimachitika wowerenga akapatsidwa ufulu wonena kuti mlembi amatanthauza chakuti. Munthu amalemba za mbalame, wina n'kunena kuti watukwana boma. N'chifukwa chake ine ndimafuna tizifunsa mwini mawu."

Ndinasowa choyankha msanga. Anthu a msinkhu wanga timaiwala kuti nkhani imene timaikambira pa kapu ya tiyi inagonekapo anthu pa simenti yozizira zaka zitatu ndi miyezi. Achikulirewa sakukakamira yankho limodzi chifukwa cha liuma. Akuteteza mlembi.

Komabe m'minibasi pobwerera, ndikuyang'ana magalimoto oyatsa nyali masanasana chifukwa cha nkhungu, ndinaona kuti mantha awo ndi anga akuloza malo amodzi. Chimene chinkapweteka alembi masiku amenewo sichinali kuchuluka kwa owerenga omva mosiyanasiyana. Mafanizo aja ankapulumutsa anthu chifukwa chakuti ankatha kumveka pawiri kapena patatu. Choopsa chinali wowerenga mmodzi wokhala ndi mphamvu, amene ankasankha tanthauzo limodzi n'kulitsekera, wina aliyense osaloledwa kutsutsa, ngakhale mlembi mwini wake. Sindikufanizira mnzanga wokondedwayu ndi anthu amenewo, Mulungu andikhululukire. Koma pepala la mayankho lokhala ndi liwu limodzi, m'manja mwa munthu wogwira cholembera chofiira, limaphunzitsa mwana kuti zimene waona yekha m'mawu n'zopanda ntchito. Mtsikana amene wakhala chete chaka chonse watsegula pakamwa kamodzi kokha, papepala, n'kutiuza za kunyumba kwawo. Tikamubwezera ziro sadzayesanso.

Tisanaweruke tinagwirizana chonchi: yankho lililonse limene mwana walichirikiza ndi mawu a m'ndakatulo lilandire malikisi. Imfa ikhalebe yolondola, chifukwa kunena zoona mizere ija ikhoza kunyamula maliro ngakhale ine sindinawaikemo. Ulendo wa ku Joni ulandire atatu onse. Uvuni wa njerwa ukhale ndi ziro yake. Achikulire anafufuta okha ziro ija n'kulemba 3, kenaka anandipempha kuti ndiwalembere ndakatulo yonse papepala apite nayo kunyumba. Ntchito yakula, chifukwa mawa tiyenera kubwereza mapepala onse amene tinachonga kale, ndipo mphunzitsi wachinyamata uja sanakondwe nazo.

Kunyumba ndinapeza magetsi atazima. Ndinakoleza mbaula panja, kuphika nsima ndi nyemba za dzulo, kenaka n'kuika makala mu nsimbi yakale ya amayi anga kuti ndiumitse yunifolomu ija mokakamiza. Mwana anapempha kuti tilowetse mbaula kuchipinda chifukwa cha kuzizira. Ndinamukaniza. Mpweya woipa wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo, ndipo suoneka kapena kununkha. Ndamufunditsa zitenje ziwiri pamwamba pa bulangeti.

Foni itatsala ndi moto pang'ono ndinaimbira bambo kumudzi. Anati kumeneko chiperoni chafika poipa, nkhuku sizinatuluke m'khola tsiku lonse, ndipo mawondo akuwawa. Ndinawafotokozera za mkangano wa lero n'kuwawerengera ndime ija. Aka kanali koyamba kuimva. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

"Mawu ake ndi okoma, mwana wanga," anatero. "Koma mapazi unkamvawo sanali anga. Ine ndinkachoka tambala woyamba, iwe uli m'tulo tofa nato. Amene ankadutsa pakhomo nthawi imene ukunenayo anali mayi ako, akupita kudambo kukatunga madzi oti usambe popita kusukulu."

Foni inazima tisanatsanzikane. Ndakhala pano ndi kandulo, ndime ija ili patsogolo panga, ndikuiwerenga ndi mapazi a amayi. Kolala ya shati idakali yonyowa pang'ono, ndaiyanika pa mpando pafupi ndi khomo.