Sabata yathunthu pa timu ya pulatifomu, ma developer akuzemba msewu

Ife a timu ya pulatifomu sitipanga app imene kasitomala wakunja amaiona ayi, makasitomala athu ndi ma developer anzathu a m'kampani momwemo. Ntchito yathu ndi yoti munthu akalemba code yake ifike pa production, pamene makasitomala amaigwiritsira ntchito, osapweteka mutu ndi za Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa ma app pa ma server ambiri), Terraform (yokonzera ma server polemba code), ma certificate, ma secret ndi zonse zapansipansizo. Kuyankhula kwake n'kosavuta, koma sabata yathayi ndiye eee.

Lolemba ndisanakhale n'komwe pansi channel yathu ya Slack inali itadzaza kale, ndipo mauthenga ake ngati anapangana, "akulu deploy yanga yakanika tandionereniko", kenako screenshot ya mzere ofiira basi. Deploy ndi kuika code yatsopano kuti iyambe kugwira ntchito, ndipo mmene zimayendera kwathu ndi chonchi, developer amalemba kafayilo kamodzi ka YAML, dzina la service, port, memory imene akufuna, ndiye chida chotchedwa Helm chimakasandutsa kafayiloko kukhala ma manifest onse, mafayilo ouza Kubernetes choti ichite, china chotchedwa Argo CD n'kutenga mu Git, mosungira code, kukaika pa cluster, gulu la ma server limene Kubernetes ikuyendetsa. Zikayenda zimakoma heavy, munthu sadziwa n'komwe kuti pansi pali chani. Koma zikakanika portal, tsamba limene ma developer amaonerapo deploy yawo, imangolemba kuti sync failed, yatha. Kaya wasokoneza indentation, kaya image (phukusi la app yake) mulibe mu registry mosungira ma image, kaya pod (kagawo kamene app imayendamo) ikungofa ndi OOMKilled (kuphedwa memory ikatha) chifukwa memory limit yachepa, iye sangadziwe, ndipo alibe access yoti apange yekha kubectl describe, lamulo loonetsa tsatanetsatane wa pod, ndiye abwera kwa ife basi. Amene anaikonza poyamba pulatifomuyi cholinga chinali chabwino, kuwabisira anthu zovuta, koma pobisa zovutazo anabisa ndi chifukwa chomwe chinthu chafera. Mapeto ake timu imene inapangidwa kuti ithetse ma tikiti ndi imene ikungoyankha ma tikiti tsiku lonse. Tsiku lonselo linathera pomwepo, madzulo ndinangoyamba ka ntchito koti ma event a pod ndi mizere yomaliza ya log zizioneka pa portal, pamodzi ndi chiganizo chimodzi cha chinenero cha anthu chonena kuti onjezerani memory kapena onani tag ya image.

Lachiwiri ndi pamene panali nkhani yeniyeni. Tikuyang'ana ma namespace, zigawo za ma timu pa cluster, tinapeza kuti timu ya ma payment ili ndi pipeline yake yake, njira yakeyake yopangira deploy, pa GitHub Actions, ma manifest olemba pamanja, pulatifomu yathu sakuikhudza olo pang'ono, ndipo zikuoneka kuti anayamba kale. Bwana wathu atamva anati ndiye tilembe policy, aliyense azidutsa pa pulatifomu afune asafune, amene wakana timutsekere access. Ine ndinati bwana tadikirani kaye ndikacheze nawo, chifukwa anthu amenewa si aulesi komanso si amwano, ndi amene amagwira ndalama za makasitomala, sangapange zimenezi chifukwa chongofuna kudzionetsa.

Lead wa timuyo ndi mayi wina ofatsa koma sazungulira poyankhula. Ndinati mayi, chikukuvutani n'chani pa pulatifomu yathu, iwo anangotsegula tikiti yakale n'kunditembenuzira laputopu. Service yawo imafunika job yoyenda usiku uliwonse kufananiza ma transaction ndi ripoti yochokera ku banki, ku Kubernetes imeneyo ndi CronJob, chinthu wamba, koma template yathu, chikombole cha kafayilo ka YAML kaja, ilibe malo olembapo zimenezo, imangodziwa service yoyankha HTTP. Anapempha, tikitiyo inaikidwa mu backlog, inagona mmenemo, iwo deadline ikuwathamangitsa ndiye anapanga zawo. "Achimwene, ife sitikukana pulatifomu yanu, koma titani nayo poti chimene tikufuna mulibe?" Palibe chimene ndikanayankha apo.

Anthu amakonda kutchula golden path ya ku Spotify kapena paved road ya ku Netflix koma amaiwala kuti maganizo ake ndi oti njirayo ikhale yophweka mpaka munthu aisankhe yekha, osati kumukankhira. Ukaona anthu akudula patchire pamene msewu wa tala ulipo, dziwa kuti msewuwo sukufika kumene akupita, ndiye kuika mlonda patchirepo sikungathandize. Ukawakakamiza adzalowa inde, koma adzasiya kukuuza chimene chikuwavuta, ndipo nambala ya ma service omwe ali pa pulatifomu idzakwera bwinobwino pamene anthu pansi akutukwana.

Lachitatu linapita ndi Backstage. Kwa amene simukuidziwa, ndi yomangira portal ya ma developer yokhala ndi catalog, mndandanda wa ma service onse, inapangidwa ku Spotify, anaitulutsa open source mu 2020 ndipo pano ili pansi pa CNCF, bungwe limene limasamalanso Kubernetes. Mabwana ambiri akaona demo yake amaganiza kuti ndi pulogalamu yongoika n'kuyamba kugwiritsa ntchito, ayi ndithu, imeneyo ndi framework ya TypeScript ndi React, umafunika munthu woti aziisamala, ma plugin, ma upgrade amene amabwera pafupipafupi, ndipo ukatsalira kwambiri kukweza kwake ndi ntchito ya payokha. Koma chimene chinativuta tsiku limeneli si code. Mu repo iliyonse, mosungira code ya service, muli fayilo ya catalog-info.yaml ndipo mmenemo muli mzere wa owner, mwini wake wa service. Usiku wa Lachiwiri alert ina inalira, inapita ku gulu limene linathetsedwa pamene kampani inasintha ma timu, anthu ake ena anachoka ena ali kwina, ndiye palibe anaiona mpaka kunja kunacha. Titafufuza tinapeza ma service angapo amasiye chonchi. Catalog yonama ndi yoopsa kuposa kukhala opanda catalog, chifukwa popanda catalog umafunsa, koma ikakhalapo umaikhulupirira. Tinaika check mu CI, mayeso amene amayenda okha code ikasintha, yoti owner akhale gulu limene lilipodi mu directory ya kampani, apo bii PR, pempho lolowetsa code yatsopano, siilowa. Ena anadandaula kuti tawonjezera chotchinga, koma chotchinga cha mzere umodzi ine sindikuchiona vuto.

Lachinayi tinali pa plan yokweza cluster. Kubernetes imatulutsa version yatsopano katatu pachaka ndipo iliyonse imasamalidwa pafupifupi miyezi 14, ndiye palibe zoti tizipuma chaka chino, uzikweza basi. Amene analipo nthawi ya version 1.25 mu 2022 akukumbukira mmene PodSecurityPolicy, yoika malamulo a chitetezo pa ma pod, inachotsedwera, pamodzi ndi kalembedwe kakale ka CronJob ka batch/v1beta1, anthu ma deploy kumangokanika osadziwa chachitika n'chani. Apa ndi pamene pulatifomu imaonetsa phindu lake lenileni, API ikasintha ife timakonza chart imodzi ya Helm ndipo ma timu onse amene ali mkati samva n'komwe kuti kunachitika chinthu, pamene amene ali ndi ma manifest awoawo aliyense azikonza yekha fayilo ndi fayilo. Zimenezi ndi zimene ndinakawauza mayi aja masana, osati mowaopseza, ndinangowaonetsa mndandanda wa mafayilo awo amene adzafunike kuwaunika upgrade isanachitike. Anayang'ana, anaseka, anati ndiye bwanji mnyamata wathu mmodzi alembe yekha gawo la CronJob mu template yanuyo inu mungopanga review. Repo ya template inali yotseka kwa ma timu ena, tinaitsegula pompo.

Lachisanu miting'i ndi akuluakulu, iwo amafuna nambala. Nambala imene amaikonda ndi ya ma service amene alowa pa pulatifomu chifukwa imakwera mokongola pa slide, koma siikuuza ngati anthu akuthandizika. Ine ndinapempha kuti tiziyang'ana nambala zinayi za DORA, gulu lofufuza mmene ma timu a software amagwirira ntchito, timu ikupanga deploy kangati, code imatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka pa commit kufika pa production, ma deploy angati amaphwanya zinthu, ndi nthawi imene imatenga kuti zibwerere mwakale, kuphatikiza ziwiri zathu, developer watsopano amatenga nthawi yanji kuti apange deploy yake yoyamba, komanso mafunso mu channel ija akuchepa kapena ayi. Mkulu wina anafunsa kuti ndiye dashboard ya ma cost ndi ma preview environment zibwera liti, ndinati pambuyo. Matthew Skelton ndi Manuel Pais mu Team Topologies ya 2019 anati pulatifomu izikhala yopyapyala mmene ingathere, olo tsamba la wiki lokha ngati ndi limene anthu akufunika, ndipo ife tili ndi zinthu zambiri kale zimene sizikugwira bwino, kuwonjezera zina pamwamba ndi kudzipha tokha. Za policy yokakamiza ija bwana anati tiiimitse kaye tione kota ino, sanagonje kwenikweni koma chabwino.

Chakumadzulo PR ya mnyamata wa ku payments inafika, yolembedwa bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinasiya ma comment awiri. Yoyamba, aike concurrencyPolicy ikhale Forbid mwa default, kutanthauza kuti job yatsopano isayambe yakale isanathe, chifukwa job ya dzulo ikachedwa kutha ndiye ina n'kuyamba pamwamba pake, ma transaction omwewo awerengedwa kawiri, ndipo pa nkhani ya ndalama zimenezo si zoseketsa. Yachiwiri ndi ya timeZone, CronJob ukapanda kuiuza imatsatira nthawi ya controller, gawo la Kubernetes loyambitsa ma job, imene nthawi zambiri ndi UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndiye munthu amalemba pakati pausiku job n'kuyenda ola lina, field imeneyo inakhazikika mu 1.27 ndiye tiike ikhale yokakamiza mu template. Anayankha kuti akonza Lolemba, ndipo timu ya ma notification yalemba kale pansi pa PR yomweyo kufunsa ngati ma worker owerenga queue nawonso angalowe.