Mmene tinasiyira bere la usiku

Mwana wanga wamkazi atafika chaka ndi miyezi iwiri, ine n'kuti nditaiwala kukoma kwa tulo ta maola anayi otsatizana. Ankadzuka kasanu, masiku ena kuposa apo, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi basi: bere. Sikuti ankayamwa zenizeni ayi. Ankangolowetsa m'kamwa, kukoka kawiri katatu, maso n'kutseka. Ndikati ndichotse pang'onopang'ono ngati wakuba, iye dzidzimu, kulira kwayambiranso. Tsiku lina ndinafika kuntchito nditavala bulauzi yotembenuza, misoko ili kunja, ndipo anachita kundiuza ndi mnzanga nthawi ya nkhomaliro itakwana kale. Madzulo ake ndinauza bambo ake kuti apa ndiye ndafika pothera.

Chinthu choyamba chimene ndinachita sichinali chokhudza mwanayo n'komwe. Ndinatenga kope ndi cholembera n'kuika pambali pa bedi, ndipo kwa masiku atatu ndinkalemba nthawi iliyonse imene wadzuka komanso ngati ndamumva akumeza kapena ayi. Munthu watulo saona zinthu bwino, usiku wonse umangooneka ngati chisokonezo chimodzi. Koma papepala zinaoneka poyera. Ankadzuka pafupifupi nthawi zofanana: cha m'ma 10 koloko, 12 koloko, kenako 1, 3 ndi 5 koloko m'bandakucha. Pa maulendo asanuwo, ankameza mkaka kawiri kokha. Ndinaonanso kuti tulo take ta masana tachiwiri tinkatha cha m'ma 5 koloko madzulo, ndiye ine n'kumadabwa kuti bwanji 8 koloko ikamakwana mwana akadali m'maso gwa, akudumpha pabedi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu malangizo ake a mu 2019, limati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Nditawonkhetsa, wanga ankakwanitsa ndithu maolawo. Vuto linali lakuti anali odukaduka, ndipo chilichonse chodukacho ankalumikiza ndi ine.

Ndisanasinthe kanthu ndinapita naye kuchipatala. Izi musazidumphe. Mwana amene akudzuka chifukwa khutu likumupweteka, kapena amene sakukwera sikelo, nkhani yake ndi ina. Anesi anamuyeza, anamuyang'ana m'makutu ndi m'kamwa, n'kundifunsa kuti amadya kangati pa tsiku. Nditanena kuti katatu, kuwonjezera zotolatola pakati, anati, "Mayi, mwanayu sakudzuka ndi njala. Akudzuka monga timadzukira tonsefe, kungoti iye sadziwa njira ina yobwererera ku tulo." Ananenetsanso kuti zimenezi si za khanda. Mwana wosakwana miyezi 6 amadalira mkaka wa m'mawere wokha, ndipo ayenera kuyamwa nthawi iliyonse imene wafuna, usana ndi usiku. Ndipo ine sindinkasiyitsa mwana kuyamwa. WHO imalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo masana tinapitiriza monga kale. Ndinkafuna usiku wokha.

Mawu a anesi aja ndi amene anatembenuza nkhani yonse. Tulo sitiyenda mzere umodzi. Timapita mozama, kenako timapepuka, n'kuzamanso. Kwa munthu wamkulu kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90, pomwe kwa mwana wamng'ono kumatenga pafupifupi ola limodzi, mwinanso osakwana. Pamene tulo tapepukapo, tonse timatsegula maso pang'ono, kutembenuka, n'kupitiriza, m'mawa osakumbukira. Koma tangoganizani mwagona mutagwira dzanja la munthu, ndiye mwadzidzimuka mumdima dzanjalo palibe. Simungangotembenuka. Mufufuza. Mwana wanga ankagona bere lili m'kamwa, ndiye akapepukidwa tulo n'kupeza palibe, ankaliitanitsa. Choncho pokonza sipanali pa 1 koloko ya usiku, pamene ine ndinkalimbana napo miyezi yonseyi. Panali pa 7 koloko madzulo, pogona poyamba penipeni.

Ndinayamba ndi kusuntha bere. Kale linali lomalizira, tili kale pabedi, nyali yozima. Tsopano ndinaliika kumayambiriro: akatha kudya chamadzulo, ndinkamuyamwitsa pabalaza nyali ikuyaka, ndipo akayamba kusinza ndinkamuseweretsa phazi kuti asagonere pomwepo. Kenako kusamba, kutsuka timano take ndi mankhwala otsukira mano ochepa ngati kambewu ka mpunga, thewera louma, kabuku kamodzi ka zithunzi, kuzimitsa nyali, ndi kanyimbo kamodzi komweko tsiku lililonse. Zonse pamodzi theka la ola. Za manozi ndinali ndisanaziganizirepo, koma kutsuka mano a mwana kenako n'kumugoneka mkaka uli m'kamwa kumachepetsa phindu la kutsukako. Foni ndinkaisiya kunja kwa chipinda. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin kukada, timene timabweretsa tulo, ndipo kuwala kumatichedwetsa. Kunena zoona, amene ankavutika kusiya foniyo ndinali ine.

Usiku woyamba sindidzauiwala. Nditamuika pakabedi kake ali maso, anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Anaimirira, kugwira m'mphepete, n'kuyamba kukoka khosi la diresi langa. Ndinati, "Bere lagona, mwanawe. Nawenso gona." Analira mpaka mamina ndi misozi zinasakanikirana, tsitsi lakutsogolo linanyowa ndi thukuta. Ndinakhala pansi pambali pake, dzanja langa pamsana pake, kumusisita, kuimba kanyimbo kaja mawu akunjenjemera. Akafika polira mobanika ndinkamunyamula, akakhala bata n'kumubwezera. Ndinamubwezera kangati sindikudziwa, ndinasiya kuwerenga. Patatha mphindi 50 anagwada, kuika tsaya pamatiresi, matako m'mwamba, akusisima pang'onopang'ono, chala changa atachigwira zolimba. Kenako zii. Ndinatuluka chokwawa, ndipo nditafika pabalaza ndinalira ine.

Pali njira ina yodziwika kwambiri, ya dokotala wa ana wa ku Boston dzina lake Richard Ferber, yoti kholo lizituluka m'chipinda n'kumabwerako pakapita mphindi 3, kenako 5, kenako 10, kudzangomutonthoza mwachidule. Makolo ambiri imawathandiza, ndipo sindikuwaweruza. Ine ndinaiyesa kamodzi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo mphindi zitatu zoyambazo ndinazithera nditatsamira chitseko, ndikuluma chala. Ndinadziwa kuti njira imene sindingaipirire masiku asanu otsatizana ndi yosathandiza kwa ine, ngakhale itakhala yabwino chotani. Ndinasankha yokhala pambali pakeyo, podziwa kuti ndi yochedwerapo.

Usiku wachiwiri analira mphindi 35. Wachitatu 40, ndipo ndinatsala pang'ono kugonja. Wachinayi 15. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ankangodandaula pang'ono, kutembenukatembenuka, kuyankhula ndi bulangete lake, n'kugona. Sabata yonseyi usiku sindinasinthe chilichonse, akadzuka ndinkamupatsa bere monga kale. Chodabwitsa n'chakuti kudzuka kwa 10 koloko kunangosowa kokha popanda kulimbana nako.

Sabata yachiwiri tinalowa usiku weniweniwo, ndipo apa ndi pamene bambo ake anagwira ntchito. Tinagwirizana kuti isanakwane 2 koloko, bere kulibe. Ine ndikapita, mwana ankamva fungo la mkaka ndipo kumukaniza kunali ngati kumunyoza. Ndiye amene ankapita kwa mwanayo anali bambo akewo, atanyamula kakapu ka madzi. Usiku woyamba ndinamva mwana akukuwa "Amama! Amama!" ndipo ndinali nditaponda kale pansi. Bambo ake anasuzumira pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi a mwana, bwererani mukagone. Mukangolowa muno, zonse tavutikirazi zapita pachabe." Ndinabwerera, koma kugona ayi. Madzi aja anawakana, kapu anaiponyera kutali. Usiku wachitatu anamwa. Wachinayi anadzuka, kuona kuti abwera ndi adadi ndi madzi awo omwe aja, anangodzigwetsa pamatiresi ngati munthu amene waona kuti malonda ake sakuyenda.

Apa ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Nditaona kuti zikuyenda, ndinachita changu n'kuchotsanso kuyamwa kwa 3 koloko pasanathe masiku awiri. Thupi langa silinauzidwe. Ndinadzuka bere lakumanzere litauma gwa ngati mwala, lotentha, moti ngakhale kukweza mkono kunali kowawa. Mabere amapanga mkaka molingana ndi umene ukuchotsedwa, ndipo amafuna masiku angapo kuti azolowere kuchepetsa. Ndinafinya pang'ono pokha, kungoti ululu uchepe, chifukwa ukafinya wonse thupi limaona ngati ukufunikabe n'kupanganso wambiri. Ndinaikapo kansalu kozizira, ndipo pofika tsiku lotsatira kunali kutafewa. Zikanakhala kuti pafiira, thupi latentha, ndikumva kuphwanya ngati chimfine chachikulu, ndikanathamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kumeneko kumakhala kutupa kwa bere kumene nthawi zina kumafuna mankhwala. Kuchokera apo ndinkachotsa kuyamwa kumodzi, n'kudikira masiku anayi kapena asanu ndisanakhudze kwina. Kwa 3 kolokoko ndinakubwezeretsa, ndipo ulendo uno sindinakudule kamodzin'kamodzi, ndinkangofupikitsa: mphindi 8, kenako 6, kenako 4, mpaka kunatsala kongolawa.

Ndiye kunabwera mano. Sabata yachitatu mwana anayamba kutuluka dovu, kuluma chilichonse, ndipo nditayang'ana m'kamwa ndinapeza nkhama zatupa chakumbuyo. Anali mano otafunira oyamba, amene amamera mwana akapitirira chaka, ndipo amavuta kuposa akutsogolo aja. Pamwamba pake anagwidwa chimfine, mphuno zinatsekeka. Malamulo onse ndinawaika pambali. Mwana wodwala sumuphunzitsa kanthu, umangomusamala. Anayamwa usiku monse mmene anafunira kwa masiku anayi. Mnzanga wina, pondimvera chisoni, anandinong'oneza kuti ndizimupatsa kamankhwala ka chimfine kogonetsa kaja kuti tonse tipume. Ndinakana, ndipo inunso mukane. Mankhwala amenewo si ogonetsera ana, ndipo kwa mwana wamng'ono akhoza kuvulaza. Atachira ndinkaopa kuti tibwerera poyambirira, koma ayi. Zinatenga masiku atatu okha kuti tifike pamene tinasiyira, chifukwa chinthu chachikulu chija, kugona yekha madzulo, sanachiiwale.

Masana ndinangokonza chinthu chimodzi. Tulo tiwiri tija ndinatiphatikiza kukhala kamodzi, akangotha kudya masana, ndipo ndinkaonetsetsa kuti 3 koloko isanakwane wadzuka. Masiku oyamba ankafika madzulo atatopa kwambiri, wolusa, ndiye ndinkamugoneka msanga ndi theka la ola. Ndinaphunzira kuti akayamba kutikita maso ndi kukoka khutu, nthawi ndi yomweyo. Ukadikira kuti atope zenizeni, amasanduka ngati wamwa khofi.

Za malo ogona ndinenepo pang'ono, popeza ena owerenga ali ndi makanda. Mwana wosakwana chaka amagonekedwa chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, zidole kapena zofunda zotayirira zimene zingamuphimbe kumaso. Ku America atayamba kulalikira za kugoneka ana chagada mu 1994, imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo zinatsika kwambiri. Wanga anali atapitirira msinkhu umenewo, ankadzitembenuza yekha mmene wafunira, koma pilo sindinamupatsebe.

Kuyamwa kwa 5 koloko m'bandakucha ndinakusiya. Ndinayesa kukuchotsa kawiri, ndipo zotsatira zake zinali zakuti tsiku linkayamba 5 koloko, mwana ali wolusa, ine wolusa. Nthawi imeneyo tulo timakhala titapepuka kale, ndipo kumubwezeretsa popanda bere kunali kulimbana ndi mphepo. Ndinaona kuti ndi bwino ndizimutenga, ayamwe mphindi 10, tonse tigonenso mpaka 6 koloko itapitirira. Ena anganene kuti ntchito sindinaimalize. Mwina. Koma kuchoka pa kasanu kufika pa kamodzi, ine ndinalandira ndi manja awiri.

Zonse pamodzi zinatenga milungu isanu. Usiku woyamba umene anagona kuchokera 7 koloko mpaka 5 osadzuka, amene anadzuka ndinali ine. Ndinatsegula maso cha m'ma 3 koloko, nyumba ili zii, mtima n'kugunda. Ndinanyang'ama mpaka pakabedi kake n'kuika dzanja pamsana kuti ndimve ngati akupuma. Anali atagona chopingasa, phazi limodzi litatulukira pampata wa timitengo ta bedi, bulangete ali nalo kukhwapa. Ndinalibweza phazilo mkati, iye anangopuma mozama osatsegula maso. Nditabwerera, bambo ake anafunsa ali m'tulo kuti, "Wadzuka?" Ndinati ayi. Iwo anapitiriza mkonono, ine ndinakhala ndikuyang'ana kudenga mpaka mwana anandiitana 5 koloko.