Ntchito ya PASP ndi ulemu wa munthu wosauka

Pansi pa PASP, ndondomeko ya boma la Mozambique yothandiza osauka, imene bungwe la boma loona za chisamaliro cha anthu la INAS limayendetsa, munthu wosauka koma wamphamvu zake amalandira ndalama za boma akayamba wagwira ntchito, monga kulambula misewu. Sinditsutsa zimenezi, chifukwa msewu wokonzedwa umathandiza mlimi wa kuno ku Angónia kukagulitsa mbatatesi zake ku tauni ya Ulónguè.

Komabe makolo athu anakumba misewu mokakamizidwa pa nthawi ya chibalo cha Apwitikizi, choncho boma likamauza wosauka kuti agwire khasu, liyenera kusamala kwambiri. Mtima wanga umawawa ndikaganizira mayi wobereka mwana kumbuyo, amene wakumba ngalande mwezi wathunthu, koma malipiro akachedwa amakakongola ufa wophikira ana ake.