Tagona m'nyumba yathu: zikomo Ambuye, zikomo amayi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Loweruka lapitali ine, mayi a kunyumba ndi ana athu atatu tidagona koyamba m'nyumba yathuyathu ku Mpemba. Pansi sitidathire simenti, mazenera awiri tatseka ndi masaka, ndipo thupi langa likuphwanya ngati munthu wochita kumenyedwa, koma denga lilipo ndipo chitseko chikutsekeka. Ndati ndilembe mawuwa tsopano, kutopa kusanathe, chifukwa mtima wangawu ndimaudziwa: ukangopuma umayamba kuiwala.

Za Malichi 2023 sindinena zambiri, pakuti ambiri a inu mudazionera nokha. Namondwe wa Freddy adagwetsa mvula usana ndi usiku mpaka phiri la Soche lidasanza matope ndi miyala pa ife a ku Chilobwe, ndipo napolo ameneyo adatenga nyumba yathu, benchi yanga yaukalipentala, sowo, hamala ndi chilichonse chimene ndinkadyera. Tidatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Anthu oposa 1,000 adafa m'dziko muno, ena mwa iwo anali anzathu omwe tinkapemphana nawo mchere, ndipo pali ena amene matupi awo sadapezeke mpaka lero. Ndikamati Mulungu adatipulumutsa ndimanena mwamantha, chifukwa sindidawapose chilungamo amene adapitawo.

Kukampu, m'kalasi momwe tinkagona mabanja ambiri pamodzi, ine ndidasiya kupemphera. Ndikuvomera poyera. Ena akayamba nyimbo ndinkatuluka kukaima pakhonde.

Kumeneko ndiko kudatipeza amayi ena achikulire a Mvano ochokera ku Zingwangwa, omwe dzina lawo sindilitchula chifukwa adandiletsa okha. Si abale athu, ndipo ngakhale mpingo tidasiyana, ife ndife Akatolika pomwe iwo ndi a CCAP. M'mawa uliwonse ankabwera wapansi m'matope muja atasenza mbaula, makala pang'ono ndi ufa wa phala, ndipo machesi ankawasunga m'kapepala ka shuga komanga pamfundo ya chitenje kuti asanyowe. Tsiku loyamba, moto utayaka, adatukula kabokosi ka machesi aja nanena kuti tiyeni tiyambe tathokoza Mulungu kuti machesi afika ouma. Kunena zoona ndidapsa mtima. Anthu akukumbidwa m'matope kumtunda kuno, wina n'kumathokoza machesi! Koma iwo adatseka maso napempheradi, mawu ochepa chabe, kenaka adagawa phala kuyambira ana.

Adachita zomwezo tsiku lililonse, ndipo sadabwerezepo chinthu chimodzi kawiri. Lero athokoza kuti dzuwa laoneka pang'ono ndipo zofunda ziuma, mawa kuti mwana wathu wamng'ono amene adatsegula m'mimba sadapezeke ndi kolera, yomwe inali itavuta kale m'dziko muno chaka chimenecho, mkuja kuti wina wapeza nsapato yake yachiwiri. Sadandilalikire ngakhale kamodzi, sadandifunsenso chifukwa chimene ndinkathawira mapemphero. Ankangondipatsira kapu ya phala n'kundifunsa kuti, “Bambo a ana, lero tithokoza chiyani?” Kwa masiku ambiri ndinkangoyang'ana pansi. Tsiku lina ndidayankha monyinyirika kuti ndagona tulo, iwo n'kuti chimenecho n'chokwanira, ndipo adachitengadi n'kuchipereka kwa Mulungu ngati chinthu chamtengo wapatali. Ndi mmene ndidabwererera ku pemphero, kudzera pa khomo laling'ono chotero.

Ndikuthokoza amalume a mayi a kunyumba amene adatidulira malo ku Mpemba, kutali ndi phiri. Ndikuthokoza a mphakati wathu amene adabwera Loweruka zingapo kudzaumba njerwa, anyamata a kwaya amene adatunga madzi ndi kuponda dothi, komanso mnzanga wa ntchito ku Ndirande amene adandibwereka zipangizo kwa miyezi yambiri osawerengera. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndikhoza kuloza mutu uliwonse umene udalisenza. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe tidasunga kuti tigulire malata zidangokwana theka, khoma lidaima losafolera, ndipo ndidayambanso kudandaula monga kale.

Amayi aja atamva, adabwera pa minibasi kudzaona. Adazungulira khoma lonse akuligwira ndi dzanja, nathokoza Mulungu kuti njerwa zidapsa bwino. Patapita sabata ziwiri mdzukulu wawo adafika ndi malata asanu ndi limodzi akale, okhala ndi mabowo a misomali, ndipo ndidadzamva pambuyo pake kuti adawasasula pa khitchini yawo, iwo n'kumaphikira pakhonde. Malata amenewo ndawaika pamwamba pa chipinda cha ana. Mabowo ndidawamata ndi phula, koma pali limodzi lomwe ndalisiya dala chakukhonde, loti kuwala kukalowa m'mawa ndizikumbukira.

Kwa amene mudabwera kukampu kudzajambula zithunzi zoika pa Facebook n'kulonjeza kuti mubweranso, ndi kwa abale ena amene mafoni anu adasiya kugwira kuyambira sabata imene ija, dziwani kuti tili bwino ndipo sitikusunga mangawa. Ndaphunzitsidwa kuthokoza, choncho ndikuthokozanso kuti tsopano ndikudziwa zitseko zogogoda.

Nkhani ya akhate khumi ya mu Luka 17 ndaimva kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi zonse ndinkadziika pa malo a mmodzi uja amene adabwerera. Tsopano ndaona kuti zaka zonse zija ndinali ndi nyumba, ntchito ndi nsima kawiri pa tsiku, ndinali m'gulu la asanu ndi anayi aja, wongolandira n'kumapita. Ambuye, ndikhululukireni zaka zimenezo. Landirani kuthokoza kwa banja lino chifukwa cha moyo, chifukwa cha denga, ndi chifukwa cha mdzakazi wanu amene mudamutuma ndi kabokosi ka machesi. Tonthozani amasiye a ku Chilobwe, ku Manja, ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene kwa iwo mawu othokoza akadali olemera pakamwa, ndipo musawafulumize.

Amayi, ndikudziwa kuti foni yanu ilibe intaneti, koma mdzukulu wanu akuwerengerani. Ana asanadye amafunsana okha kuti lero tithokoza chiyani, ndipo dzulo wamng'ono uja adathokoza kuti nkhuku yaikira pansi pa bedi. Matabwa a khitchini yanu ndayamba kale kupala, ndipo malata atsopano ndibwera nawo ndekha mwezi wamawa, musakane.