Reel yolembedwa kuti Japan: anaipanga ndani, nanga ndi yolimba bwanji?

Pa uwedzi wa fly fishing nyambo imakhala ya nthenga ndi ulusi, yopepuka moti siingaponyeke payokha, choncho chingwe ndicho chimakhala cholemera. Ntchito ya reel ndi yochepa: kusunga chingwecho, kuchitulutsa mosakodana, ndi kuchigwira pang'ono nsomba ikathawa nacho. Kachipangizo kotere n'kosavuta kutengera, ndipo mbiri ya ma reel a ku Japan yagona pomwepo.

Ajapani anali ndi uwedzi wawo wa nyambo ya nthenga kuyambira kalekale, wotchedwa tenkara, wogwirira nsomba zotchedwa yamame ndi iwana m'timitsinje ta m'mapiri. Koma tenkara ilibe reel, chingwe amachimanga kunsonga ya ndodo basi. Reel inabwera ndi alendo. Ku Nikko, azungu ankawedza m'nyanja ya Chuzenji ndi mumtsinje wa Yukawa, momwe munaikidwa nsomba za trout zochokera ku America mu 1902. Komabe mafakitale anayamba kupanga ma reel ochuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo ankapangira msika wa ku America osati wa kwawo. Kuyambira 1949 mpaka 1971 dola imodzi inali ma yen 360 osasintha, motero katundu wa ku Japan ankafika kumeneko motchipa kwambiri.

Makampani ake anali odziwa kale zitsulo. Daiwa Seiko inakhazikitsidwa mu 1958. Ryobi inayamba mu 1943 m'chigawo cha Hiroshima ngati fakitale youmba zitsulo m'zikombole. Shimano, ya ku Sakai, inkapanga zipangizo za njinga kuyambira 1921 ndipo inalowa m'zida zowedzera mu 1970. Panalinso kampani ya Olympic. Chosokoneza n'chakuti dzina lolembedwa pa reel nthawi zambiri ndi la wogulitsa, osati la wopanga. Makampani a ku America monga Heddon ndi Berkley ankaitanitsa ma reel ku Japan n'kuwadinda maina awo, moti reel imodzi yomweyo ukhoza kuipeza ndi maina awiri kapena atatu.

Ambiri mwa ma reel amenewa anatengera ma reel a kampani ya Hardy ya ku Alnwick ku England kapena reel yotchedwa Pflueger Medalist ya ku Akron ku Ohio. Heddon 300, 310 ndi 320 zimafanana kwambiri ndi ma Lightweight a Hardy, pomwe Olympic inapanga ma reel ambiri ofanana ndi Medalist. Mapeto ake Medalist yeniyeniyo nayonso inasamukira ku Japan chakumapeto kwa m'ma 1970, ndipo yopangidwa kumeneko imadziwika ndi zilembo CJ pambuyo pa nambala, monga 1494 CJ.

Reel yotengera Hardy ndi yosavuta kuimvetsa mukaitsegula. Kuseri kwa spool, kagudumu kamene chingwe chimakulungidwapo, kuli kagiya, ndipo pa mano ake pamagunda kachitsulo ka makona atatu kotchedwa pawl, kopanikizidwa ndi sipuling'i. Kulira kuja kumachokera apa, ndipo kugwira chingwe konse n'komweku. Pamene pali ma pawl awiri, ina imakhala yosungira kapena yosinthira dzanja lopukusira. Chimene chimafa msanga ndi nsonga ya pawl: ikaperepeseka reel imalira mofooka, ndipo mukakoka chingwe mwamphamvu spool imapitirira kuzungulira n'kupota chingwe. Sipuling'i yotopa imabweretsa vuto lomwelo. Mukhoza kuipinda pang'ono kuti ilimbe, koma kamodzi kokha, chifukwa yopindidwa mobwerezabwereza imathyoka.

Pa nkhani ya kulimba, ine ndimaona kuti funso loyenera ndi la mmene thupi la reel linapangidwira, osati dziko. Ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 ndi oumbidwa: chitsulo chosungunula chimapanikizidwa m'chikombole. Njirayi ndi yachangu ndiponso yotchipa, koma chitsulocho chimakhala ndi timibowo ta mpweya mkati, ndiye chikagwera pamwala chimasweka ngati m'phika wadothi m'malo mopindika. Reel yosemedwa ndi makina kuchokera ku chibuma cha aluminiyamu imangopindika, ndipo mmisiri akhoza kuiwongola. Ryobi inapanganso ma reel a magnesium monga 255MG, opepuka zedi ndipo abwino pa ndodo yaing'ono, koma penti ikangokandika madzi amchere amadya chitsulocho mofulumira. Imeneyi ndi ya m'madzi opanda mchere okha, ngati a m'madamu a ku Chelinda ku Nyika.

Pogula yakale, yambani ndi spool. Igwedezeni uku ndi uku: ikamagwedera kwambiri ndiye kuti kamtanda kapakati kapena bowo lake latha, ndipo chingwe chidzalowa pampata wa spool ndi thupi n'kudulika. Izungulitseni pang'onopang'ono mukumvetsera. Ikamakhula pamalo amodzi okha pa kuzungulira kulikonse, china chake chinapindika. Phazi lolowa m'ndodo lionedwe bwino, chifukwa lomangidwa ndi sikuluwu limamangika koma la ma rivet likakhwepa ndi ntchito ina. Sisitani ndi chikhadabo pomwe chingwe chimatulukira. Mphako yakuthwa pamenepo imasenda chingwe chimene mwina ndi chodula kuposa reelyo.

Kutsuka sikufuna zambiri. Girizi wakale amauma n'kumata pawl, ndiye mpukuteni ndi kansalu konyowetsa palafini. Pa kamtanda pamafunika dontho limodzi kapena awiri a mafuta opepuka, ndipo pa mano a giya kagirizi kochepa kwambiri. Pa za mtundu wa Medalist musapake mafuta pa buleki yake yogwira spool, apo ayi siigwiranso.

Yen itakwera mphamvu kuyambira 1985, ntchito yopanga ma reel otchipa inasamukira ku Korea, Taiwan ndi China, ndipo zipangizo zosinthira za ma reel akale a ku Japan zinayamba kusowa. Za Hardy kapena za Medalist ya ku Akron kawirikawiri sizilowa ngakhale zioneke zofanana, popeza Ajapani amayeza m'mamilimita pomwe enawo ankayeza m'mainchesi. Masikuluwu a mtanda a ku Japan ndi a muyezo wa JIS, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imaterereka n'kuphwanya mutu wake. Ngati mulibe ya JIS, panikizani kwambiri musanapotoze, ndipo sikuluwu ikakana ithireni mafuta igone usiku wonse musanayesenso.